Sutikesi yanu igona pati? Kuyerekeza malo ogona otchipa ku Tokyo

Munthu akamasaka pogona ku Tokyo, diso limathamangira pa mtengo ndi pa chithunzi cha bedi. Komatu bedi si limene lingakukhumudwitseni. Ngakhale pamalo otchipa kwenikweni mudzapeza nsalu zochapa bwino, pansi popanda fumbi, ndi madzi otentha otuluka nthawi ina iliyonse. Zija timaopa tikamalowa mu resitihausi yotchipa, loko wogwedera, bulangete lonunkha thukuta la mlendo wadzulo, ndowa ya madzi yoikidwa pakhomo, kumeneko n'zosowa. Chodula ku Tokyo ndi malo. Mukamatsitsa mtengo sakuchotserani ukhondo ayi, amakuchotserani mamita, kenako chitseko, kenako ufulu wogona mpaka dzuwa likwere.

N'chifukwa chake ine munthu akandifunsa za pogona, ndimayamba ndamufunsa za katundu wake. Ambiri ochokera kwathu, kaya akupita ku msonkhano, ku maphunziro kapena kukaona m'bale, amakwera Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa, kuima pang'ono ku Seoul, n'kukatera pa bwalo la ndege la Narita madzulo. Amafika akukoka masutikesi awiri a makilogalamu 23, ndipo pobwerera masutikesiwo amakhala atafufuma ndi za ana, za apongozi ndi za aliyense amene anamva kuti mwakwera ndege. Inu mungathe kudzipinda n'kugona paliponse. Sutikesi sipindika.

Kachipinda ka anthu a ntchito

Tiyambe ndi imene eni dziko amaitcha business hotel, chifukwa ndiyo muyeso woyezera zina zonse. Dzinalo lisakuopseni, si ya mabwana. Inapangidwira wantchito wamba amene kampani yamutuma kunja kwa mzinda wake, wofuna kusamba, kugona ndi kukwera sitima ya m'mawa. Mayina amene mudzawaona pafupi ndi siteshoni iliyonse yaikulu ndi Toyoko Inn, APA Hotel, Super Hotel, Dormy Inn, Route Inn ndi Sotetsu Fresa Inn. Toyoko Inn inayamba mu 1986 ku Kamata, kum'mwera kwa Tokyo, ndipo zipinda zake zimafanana kwambiri moti mukagona m'chimodzi mwagona mu zonse.

Chipinda cha munthu mmodzi chimakhala cha masikweya mita 11 kapena 13, nthawi zina kucheperapo. Mukatsekula chitseko mumaona kanjira kopapatiza, bedi litatsamira kukhoma, kadesiki kakang'ono, firiji yaing'ono yopanda kanthu, ketulo yamagetsi, ndi televizioni. Kabati ya zovala nthawi zambiri kulibe, pali timahang'ala titatu pakhoma basi. Bafa ndi kabokosi kapulasitiki kamene anakaumba kufakitale n'kudzakalowetsa m'chipindamo kathunthu: chimbudzi, sinki ndi bafa lalifupi koma lakuya, zonse pamodzi. Munthu wamtali akaimirira mutu umayandikira kudenga. Chimbudzicho n'chija chokhala ndi mabatani, chotenthetsa pokhalira ndi kupopera madzi. Musachite nacho manyazi, koma muyambe mwapeza batani loimitsira musanadine lina lililonse.

Pa bedi mudzapeza chovala chogonera, pakhomo masilipasi, ndipo mswachi, lezala ndi chipeso zimakhala m'bafa kapena pa alumali pafupi ndi polandirira alendo. Penapake pafupi ndi bedi pamakhala tochi. Imeneyo ndi ya chivomerezi, si yoti mutenge.

Nanga sutikesi ija? Apa ndi pamene business hotel imasiyana ndi zinzake zotchipa. Malo otsekulira sutikesi yaikulu pansi ndi ochepa, mwina mumaitsekulira pa bedi, komabe ili m'chipinda chanu, kuseri kwa chitseko chimene mwakhoma nokha. Ku Toyoko Inn mabedi anawakweza dala kuti katundu azilowa kunsi, kanthu kakang'ono kamene mumakayamika mukafika ndi masutikesi awiri. Mukafika nthawi yolowera isanakwane, imene imakhala 3 kapena 4 koloko masana, amakusungirani katundu kwaulere, ndipo amateronso tsiku lotuluka. Koma kulowa m'chipinda nthawi isanakwane, iwalani. Mungawauze kuti mwayenda maola oposa makumi awiri, iwo adzawerama mwaulemu, kukupepesani, n'kukuuzaninso nthawi yomweyo. Kutuluka ndi 10 koloko m'mawa m'malo ambiri, ena 11.

Makampaniwa amasiyana pa tinthu tating'ono timene timasanduka ndalama. Toyoko Inn ndi Super Hotel zimapereka chakudya cha m'mawa chaulere: mpunga, msuzi wa miso, buledi, tamasamba, khofi. Si phwando, koma mimba imagwira mpaka masana. Dormy Inn imadula pang'ono, koma imakhala ndi bafa lalikulu losambira anthu ambiri, ndipo usiku imagawa mbale yaulere ya zakudya zonga supageti za mumsuzi wotentha. APA ili paliponse, zipinda zake ndi zina mwa zopanikiza zedi, ndipo mitengo yake imakwera ndi kutsika ngati madzi a mumtsinje: usiku wa Lachiwiri mungaipeze yotchipa, Loweruka n'kuipeza itawirikiza. Mitengo ya Toyoko Inn siidumphadumpha motero, n'chifukwa chake zipinda zake zimatha msanga nthawi ya chipwirikiti.

Mtengo wake masiku wamba umayambira cha m'ma 7,000 yen, ndalama ya ku Japan, kukafika 12,000 kapena kupitirira, kutengera dera ndi tsiku. Zinthu ziwiri muzisamale posungitsa. Choyamba ndi fodya: mahotela akale akadali ndi zipinda za osuta, ndipo fungo lake linalowerera m'makatani moti ngakhale mutsekule zenera silichoka. Ine ndinagonapo m'chipinda chotero chifukwa chothamangira mtengo wotsika osawerenga bwino, ndipo jekete langa linanunkha fodya mpaka ndinafika nalo kunyumba. Chachiwiri ndi bedi lotchedwa semi-double, limene amaligulitsa ngati la anthu awiri. M'lifupi mwake ndi masentimita 120. Kwa banja latsopano mwina n'chisangalalo. Kwa bambo ndi mayi amene anadya bwino zaka makumi awiri, ndi nkhondo ya bulangete mpaka mbandakucha. Dziwaninso kuti ku Japan mtengo umawerengedwa pa mutu wa munthu: mukasungitsa chipinda cha mmodzi simungalowetsemo wachiwiri, ndipo alendo odzakuonani amathera pa malo olandirira alendo pansi.

Kapisozi

Hotela imene aliyense amaidziwa ndi ya capsule, liwu lomwe lija ife timati kapisozi wa mankhwala, ndipo dzinalo linakhoza. Yoyamba inatsekulidwa ku Osaka mu 1979, ndipo anaijambula ndi katswiri wa zomangamanga Kisho Kurokawa. Cholinga chake chinali kupulumutsa abambo amene sitima yomaliza yawasiya atachedwa kuntchito kapena kumowa. Mumalowa m'kabowo ka mamita awiri m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi msinkhu, timabowo tosanjikizana tiwiritiwiri m'mbali mwa khonde. M'katimo muli matiresi abwino, nyali, pobayira foni. Mungakhale tsonga koma simungaimirire.

Sindikana, n'kosangalatsa usiku umodzi. Makapisozi atsopano ngati a Nine Hours, amene anayamba ku Kyoto mu 2009, ndi oyera mbee ndi abata. Dzina lawolo likuchokera ku masamu awo: ola limodzi losamba, maola asanu ndi awiri ogona, ola limodzi lovala. Taonani kuti m'masamuwo mulibe ola lopumula masana, lolongedza katundu kapena loimbira foni kumudzi. Amakuuziranitu okha kuti malowa si okhalamo.

Vuto loyamba n'lakuti kapisozi alibe chitseko chokiya. Lamulo limawaika m'gulu la malo ogona osavuta, ndiye polowera pamangokhala katani yotsitsa. Foni ndi chikwama cha ndalama mumagona nazo kapena kuzikiyira m'kakabati kamene amakupatsani. Kakabatiko n'kopyapyala, kokwana jekete ndi kachikwama ka m'manja. Sutikesi yaikulu imatsala pa malo olandirira alendo kapena pa alumali ya onse, ndipo mukafuna sokosi mumakaitsekulira pakhonde anthu akudutsa.

Lachiwiri ndi nthawi. Makapisozi ambiri amafuna kuti aliyense atuluke cha m'ma 10 koloko m'mawa kuti akonze, ngakhale mwalipira masiku anayi. Japan ili patsogolo pa Malawi ndi maola asanu ndi awiri. Ndiye 10 koloko ya ku Tokyo, thupi lanu likuti ndi 3 koloko usiku, nthawi imene tulo timakoma. Masiku awiri oyamba mumakhala maso usiku wonse, tulo n'kubwera m'mawa, basi akukudzutsani. Komanso m'chipinda cha makapisozi salola kuyankhula pa foni. Kunyumba akamaweruka n'kuyamba kukuimbirani pa WhatsApp, kwa inu ndi pakati pa usiku, ndipo muyenera kutsika pamakwerero n'kukanong'onera kuchipinda chochezera. Za mkonono wa mnansi wanu wapansi sindinena, amagawa totseka m'makutu pachifukwa chimenecho.

Amayi aonetsetse asanasungitse, chifukwa makapisozi ambiri akale ndi a amuna okhaokha. Atsopano amapatula nsanjika ya akazi yokhala ndi kiyi wakewake, ndipo alipo ena a akazi okha. Akale aja amakhala ndi bafa lalikulu ndi sauna, kumene anthu amasamba limodzi ali mbulanda, ndipo ambiri salola munthu wokhala ndi zojambula pakhungu.

Mtengo umaoneka wokoma, cha m'ma 3,000 mpaka 6,000 yen. Koma tiyeni tingoyerekeza. Mwalipira 4,500. Chakudya cha m'mawa mwagula ku konbini, timagolosale tosatseka tija ta 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart, mwina 500. Masana mulibe pokhala, ndiye mwalowa mogulitsa khofi kawiri kuti mupumitse miyendo. Katundu wina mwamusiya m'makabati olipira a pa siteshoni, ndipo aakulu amadya mayen mazana angapo patsiku. Pofika madzulo mwayandikira mtengo wa business hotel, koma mulibe chitseko. Loweruka ena makapisozi a ku Shinjuku ndi Shibuya amakwera mpaka kuposa chipinda chenicheni cha kudera lina. Kapisozi amagwira ntchito yake bwino pa usiku umodzi: mwatera mochedwa, kapena ndege yanu ikunyamuka m'mamawa. Pa bwalo la Narita pa Terminal 2 pali Nine Hours, ndipo pamenepo ndi pamene ndingamugonere mosadandaula.

Ku Sanya

Iyi ndi njira imene sailemba kwambiri pa zotsatsa, koma kwa munthu wa thumba lopyapyala wokhala sabata kapena kupitirira, ndiyo imapikisana ndi business hotel.

Kumpoto chakum'mawa kwa Tokyo, pafupi ndi siteshoni ya Minami-Senju, kuli dera limene anthu amalitchabe Sanya ngakhale dzinalo linachotsedwa pa mapu a boma mu 1966. Kunkakhala aganyu, amuna obwera kuchokera kumidzi amene ankasonkhana m'bandakucha kudikira wowalemba ntchito ya tsiku limodzi. Ndiwo anakumba ndi kusenza pomanga misewu ndi nyumba za Tokyo nkhondo itatha, mpaka pokonzekera masewera a Olympics a 1964. Ankagona m'nyumba zotchedwa doya. Liwuli analipanga potembenuza liwu lakuti yado, malo ogona, ngati kunena kuti malowo sanali oyenera dzina lenilenilo. Mphambano yaikulu ya kumeneko imatchedwa Namidabashi, mlatho wa misozi, chifukwa kalelo opita kukanyongedwa ku Kozukappara ankatsanzikana ndi abale awo pamenepo.

Aganyu aja anakalamba, ganyu inatha, ndipo ambiri otsala amakhalira chithandizo cha boma. Eni doya ataona zipinda zili pululu anayamba kulandira alendo akunja, makamaka kuyambira mpira wa World Cup wa 2002. Lero mumapezako kachipinda kanukanu ka mphasa zitatu za tatami, pafupifupi masikweya mita asanu, pamtengo wofanana ndi wa kapisozi, nthawi zina kutsikirapo. Mulibe bedi. Muli futoni, matiresi opyapyala amene mumayala pansi usiku n'kupinda m'mawa. Kwa ife amene tinakulira pa mphasa palibe chachilendo. Mukapinda futoniyo pansi ponse ndi panu, ndipo sutikesi imatseguka bwino kuposa m'business hotel yodula katatu. Chitseko chili ndi kiyi. Bafa ndi chimbudzi n'zogawana, ndipo nyumba zambiri zili ndi kakhitchini kokhala ndi ketulo, uvuni wotenthetsera chakudya ndi makina ochapira olipira ndi makobidi.

Walira mvula walira matope. Makoma ndi opyapyala, mnzanu akatsokomola mumamva. Nyumba zina zilibe chikepe, ndiye makilogalamu 23 aja mumakwera nawo pamakwerero opapatiza. Zina zimakhoma chitseko chachikulu usiku, zina zili ndi maola osambira, amuna nthawi yawo, akazi nthawi yawo. Nsapato zimatsala pakhomo, masilipasi sapondera tatami, ndipo kuchimbudzi kuli masilipasi akeake amene mlendo aliyense amaiwala n'kutuluka nawo tsiku loyamba. M'misewu mudzaona madala atakhala pansi ndi chitini cha mowa dzuwa lili pamutu. Kawirikawiri salabadira munthu, koma mayi woyenda yekha wofika usiku mwina sangamasuke, ndipo sindingamukakamize.

Chimene chimandikopa n'chakuti Minami-Senju si kutchire. Pa sitima ya pansi ya Hibiya, Ueno ili pa siteshoni yachitatu, ndipo sitima yomweyo imapitirira ku Akihabara, Ginza ndi Roppongi popanda kusintha. Ngati bafa la m'nyumbamo silikukusangalatsani, m'derali muli sento, mabafa a anthu onse, amene mtengo wake ku Tokyo amaika ndi aboma: mu 2024 anauika pa 550 yen. Mumayamba mwasamba ndi sopo mutakhala pa kampando, n'kutsukuluza thovu lonse, kenako n'kulowa m'dziwe la madzi otentha. Thaulo silikhudza madziwo. Amene akupita ku Osaka, dera lofanana ndi limeneli lili pafupi ndi siteshoni ya Shin-Imamiya.

Mahositelo a achinyamata oyenda ndi zikwama za kumsana, amene adzaza ku Asakusa ndi Kuramae, ali pakati pa doya ndi kapisozi: bedi losanjikiza lokhala ndi katani, khitchini ya onse, antchito oyankhula Chingerezi, ndipo sakutulutsani masana. Ngati ndinu wophunzira wofuna anzanu ocheza nawo, ndi abwino. Ngati mwapitirira zaka makumi anayi ndipo mawa muli ndi msonkhano wa 9 koloko, achinyamata obwera 2 koloko usiku akusokosa ndi mapepala apulasitiki adzakutopetsani.

Zongopulumukirapo

Zilipo njira ziwiri zimene anthu amakonda kuzitchula ngati nzeru zobisika. Ine ndimaziona ngati ambulera, zothandiza mvula ikakupezani panjira.

Ina ndi malo a intaneti otsekula usiku wonse, ngati Kaikatsu Club ndi Manboo. Mumalipira maola angapo a usiku, n'kupatsidwa kakhola kokhala ndi kompyuta ndi mpando wogonekeka kapena kamatiresi, zakumwa zoziziritsa kukhosi zaulere, ndipo ena ali ndi shawa. N'zotchipa kuposa kapisozi. Koma nyali sizizima kwenikweni, miyendo siitambasuka bwino, ndipo ena amafuna kuti mulembetse kaye umembala ndi chiphaso. Pali anthu amene amakhaliratu m'malo otere. Kafukufuku amene boma la mzinda wa Tokyo linatulutsa mu 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 4,000 opanda nyumba amagona m'menemo ndi m'malo ofanana nawo usiku uliwonse, ambiri a iwo ali pa ntchito zosakhazikika. Mukagonamo mudzawaona m'mawa akutsuka mano, tayi ili m'khosi.

Inayo ndi love hotel, mahotela a zibwenzi, zimene zadzaza ku Uguisudani, ku Kabukicho ndi kuseri kwa Shibuya. Pakhomo amalemba mitengo iwiri, wa kupuma maola ochepa ndi wa kugona. Kunena zoona zipinda zake ndi zazikulu, mabafa ake ndi otakasuka, ndipo mtengo ndi wa chipinda osati wa mutu, ndiye kwa banja masamu amatha kukoma. Koma kugona kumayamba usiku kwambiri, zambiri sizilola kutuluka n'kubwereranso, ndipo katundu sakusungirani masana. Ngati mwayenda pa ndalama za ofesi, ganizirani nkhope ya akauntanti pamene akufufuza dzina la pa lisitilo pa intaneti.

Nyumba za lendi za masiku ochepa, za pa Airbnb ndi zinzake, nazo zili ndi malo ake. Kuyambira mu June 2018 lamulo limafuna kuti mwini nyumba alembetse kuboma, ndipo ololedwa pansi pa lamulo limeneli sapitirira masiku 180 pachaka. Muone nambala ya chilolezo pa tsamba lotsatsira. Kwa munthu mmodzi wa masiku atatu, ndalama yokonzera m'nyumba imene amaonjezera pamwamba imadya phindu lonse. Kwa anthu anayi okhala sabata, okhala ndi khitchini ndi makina ochapira awoawo, palibe chotchipa kuposa pamenepo. Kungoti palibe wokulandirani. Kiyi amakhala m'kabokosi ka nambala, ndipo kusaka nyumba usiku m'timisewu topanda mayina, foni ilibe intaneti, masutikesi awiri m'manja, n'chiyeso chimene sindifunira munthu tsiku lake loyamba. Zinyalala nazo zili ndi malamulo ake: zoyaka pazokha, mabotolo paokha, zitini pazokha, chilichonse ndi tsiku lake.

Dera limaposa dzina la hotela

Mukasankha mtundu wa pogona, chotsala n'chakuti pakhale pati, ndipo ambiri amalakwira pamenepa. Amathamangira ku Shinjuku chifukwa ndilo dzina limene analimvapo. Shinjuku ndi yodula, yaphokoso, ndipo siteshoni yake ndi imene imadutsa anthu ambiri padziko lonse. Kusochera m'menemo ndi katundu kungakulizeni misozi muli wamkulu.

Kwa wotera ku Narita, bwalo limene lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera pakati pa mzinda, mbali ya kum'mawa ndi imene ili pafupi komanso yotchipa. Sitima ya Keisei Skyliner imafika ku Nippori m'mphindi 36 ndi ku Ueno m'mphindi 41, ndipo kampani yomweyo ili ndi sitima wamba zochedwerapo pamtengo wotsika kwambiri. Ueno, Okachimachi, Kanda ndi Nippori zonse zili pa njanji ya Yamanote, imene imazungulira mzinda ndi masiteshoni 30, ndiye kulikonse mungafike. Asakusa ili ndi sitima zopita ku mabwalo onse awiri a ndege, Narita ndi Haneda. Wotera ku Haneda ayang'ane ku Kamata kapena ku Shinagawa, ndipo Shinagawa ili pafupi ndi Takanawa kumene kuli ofesi ya kazembe wa Malawi. Ngati msonkhano wanu uli ku Yokohama, kumene kunachitikira TICAD ya 2025, msonkhano wa Japan ndi mayiko a mu Africa, gonani ku Yokohama komweko kapena ku Kawasaki, musadzivutitse ndi Tokyo.

Pa tsamba losungitsira amalemba kuti hotela ili pa mphindi zakutizakuti kuchokera pa siteshoni. Mphindizo amaziwerengera kuchokera pa chipata chapafupi kwambiri, kwa munthu wopanda katundu. Chipata chokhala ndi chikepe chimatha kukhala mbali ina. Mphindi zisanu n'zabwino, khumi n'zopiririka, khumi ndi zisanu mudzazitukwana tsiku la mvula kapena m'chifundizi cha mwezi wa August. Kumbukiraninso kuti sitima zimaleka kuyenda pakati pa 12 ndi 1 koloko usiku n'kuyambiranso cha m'ma 5 m'mawa, ndipo matakisi amaonjezera 20 peresenti kuyambira 10 koloko usiku. Hotela yotchipa ya kutali ingakudyereni phindu la sabata yonse usiku umodzi wokha umene mwachedwa.

Mapepala, nyengo ndi ndalama

Pali chifukwa china chimene business hotel imapambanira kwa ife, ndipo sichikhudza bedi. Mmalawi amafunika viza kuti alowe ku Japan, ndipo pa mapepala ofunsira pamakhala ndondomeko ya ulendo yofuna kuti mulembe kumene mudzagone tsiku lililonse, dzina ndi nambala ya foni. Pa khadi lolowera m'dziko amafunsanso adiresi. Malo a intaneti ndi love hotel sizilembeka pamenepo. Sungitsani malo amene amalola kusintha popanda chindapusa, kuti viza ikachedwa musataye ndalama. Pofika pa hotela adzakupemphani pasipoti n'kuijambula. Musakhumudwe ngati akukukayikirani, ndi lamulo kwa mlendo aliyense wopanda adiresi ya ku Japan. Opita ku maphunziro a JICA, bungwe la chitukuko la boma la Japan, nthawi zambiri amagonekedwa ndi eni maphunzirowo, ndiye nkhaniyi imawakhudza akafuna kutuluka kukaona mzinda wina kumapeto kwa sabata.

Mitengo yonse imene ndatchulayi imasungunuka nyengo zina. Mu 2024 ku Japan kunafika alendo oposa 36 miliyoni, kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo, atakopeka ndi kufooka kwa yen, ndipo mahotela otchipa ndi amene anakwera kwambiri. Kumapeto kwa March ndi kuchiyambi kwa April, pamene mitengo ya sakura ikuchita maluwa, zipinda zimasowa. Chimodzimodzi pa tchuthi cha Golden Week, kuyambira pa 29 April kufika pa 5 May, pakati pa August nthawi ya Obon yokumbukira makolo amene anamwalira, ndi pa chaka chatsopano. Usiku wa Lamlungu ndi umene umatchipa, wa Loweruka ndi umene umaluma. Yerekezani Booking.com ndi Agoda ndi masamba a ku Japan komweko ngati Rakuten Travel ndi Jalan, kenako muone tsamba la hotela yeniyeniyo, chifukwa makampani ngati Toyoko Inn amaika mtengo wotsikirapo pa tsamba lawo.

Mzinda wa Tokyo unayambitsa msonkho wa ogona m'mahotela mu 2002, wa 100 yen kwa wolipira kuyambira 10,000 ndi 200 yen kuyambira 15,000, pamene wolipira zosakwana 10,000 anamusiya. Ndi kandalama kochepa, kungoti nthawi zina amakafuna padera pofika. Yoonjezera yothokozera antchito kulibe, mukaisiya pa tebulo angakuthamangireni nayo poganiza kuti mwaiwala. Doya zina zimafunabe ndalama ya m'manja, ndipo makina a ndalama a mu 7-Eleven amalandira makhadi akunja a Visa ndi Mastercard. Magetsi ndi a mavoti 100, mabowo ake ndi awiri opyapyala, ndiye pulagi yathu ya mano atatu silowa. Tchaja ya foni ndi ya laputopu zimagwira mukakhala ndi adaputa, koma ayironi kapena chowumitsira tsitsi cha kwathu chisiyeni, hotela imabwereketsa.

Ndiye mlongo wanga atandiimbira lero kuti akupita ku Tokyo masiku asanu ndi masutikesi awiri, ndingamuuze kuti asungitse business hotel yosasuta fodya pakati pa Ueno ndi Asakusa, yokhala ndi chakudya cha m'mawa, yosapitirira mphindi zisanu ndi ziwiri kuchokera pa siteshoni. Mng'ono wanga wophunzira, wokhala milungu iwiri ndi ndalama zowerengeka, ndingamulozere ku Minami-Senju, atawerenga ndemanga za alendo ena n'kutsimikiza kuti nyumbayo siikhoma usiku. Onse awiri akafuna kulawa kapisozi, alawe usiku womaliza. Dzulo lake apemphe a pa hotela kuti awalembere fomu ya takkyubin, ntchito yonyamula katundu imene kampani ya Yamato, ya chizindikiro cha mphaka wakuda, imadziwika nayo. Masutikesi amatsogola okha ku bwalo la ndege pamtengo wa mayen zikwi zochepa iliyonse, koma amafuna kuti muwatumize kutatsala masiku awiri kuti munyamuke, ndipo mumakawatenga pa kauntala ya kampaniyo mu terminal imene mwalemba pa fomuyo.